Mmene mungasankhire magiya kuti kaloboti kanu kayende pa liwiro loyenera

Munthu amene wangomanga kumene kaloboti kake koyamba kawirikawiri amafuna kukaona kakuthamanga. Akaona kuti kakuyenda mozengereza, amafulumira kusintha magiya kuti matayala azizungulira mwamsanga, kenako amadabwa kuti kaloboti kamene poyamba kankayenda pang'onopang'ono koma mosalephera tsopano kakukanika ngakhale kunyamuka, mota ikungolira ndi kutentha. Vuto limeneli limachokera pa mfundo imodzi imene aliyense womanga timakina totere ayenera kuimvetsa asanagwire sipanala: magiya sawonjezera mphamvu ya mota, amangosinthanitsa liwiro ndi mphamvu yokankhira, ndipo chilichonse chimene mwapindula mbali imodzi mwachilipira mbali inayo. Nchifukwa chake magiya sasankhidwa pofunsa kuti ndi ati amene angathamangitse kaloboti kwambiri. Amasankhidwa poyambira pa liwiro limene ntchitoyo ikufuna ndi kulemera kumene kalobotiko kadzanyamule, kenako n'kuwerengera chobwerera mpaka kufika pa mota.

Ambirife mawu akuti maloboti tinawadziwira pa magetsi olamulira magalimoto pamphambano za misewu, koma pano ndikunena za kamakina ka matayala awiri kapena anayi, koyendera mabatire, kolamulidwa ndi kabolodi monga Arduino kapena kabokosi ka LEGO Mindstorms.

Chifukwa chake mota imafuna magiya

Mota yaing'ono yoyendera batire imazungulira mofulumira kwambiri, maulendo masauzande angapo pa mphindi imodzi, koma mphamvu yake yopotoza ndi yochepa moti mungathe kuiimitsa poitsina ndi zala ziwiri. Mphamvu yopotoza imeneyi amisiri amaitcha torque, ndipo chiwerengero cha maulendo ozungulira pa mphindi imodzi amachilemba mwachidule kuti rpm. Mutalumikiza tayala mwachindunji pa shafuti ya mota yotere, ndiye kuti kachitsulo kozungulira kamene kamatuluka m'motamo, tayalalo lingazungulire bwino lili m'mwamba, koma mukangoika kalobotiko pansi silingathe kukankha kulemera kwake.

Chitsanzo chodziwika ndi kamota kachikasu kamene kamapezeka m'timagalimoto tambiri ta Arduino, kamene ogulitsa amakatcha TT motor. M'kati mwa kabokosi kake kapulasitiki muli magiya angapo amene amachepetsa liwiro ka 48. Mukakapatsa mavolti 6 kalibe katundu, shafuti imene mumamangirirapo tayala imazungulira pafupifupi maulendo 200 pa mphindi, kutanthauza kuti mota yeniyeniyo m'katimo ikuzungulira maulendo oposa 9,000. Kuchepetsa kumeneku ndiko kumachititsa kuti kamota kofooka kathe kuyendetsa kagalimoto konyamula mabatire, mawaya ndi kabolodi.

Kuwerenga mano

Chimene mabuku a zaumisiri amachitcha gear ratio, chimene muno ndizichitcha mulingo wa magiya, chimapezeka powerenga mano. Werengani mano a giya imene ikukankhidwa, ndiye kuti ya mbali ya tayala, ndipo muwagawe ndi mano a giya imene ikukankha, ndiye kuti ya mbali ya mota. Yankho lake likukuuzani maulendo amene mota iyenera kuzungulira kuti tayala lizungulire kamodzi.

Aliyense amene anapalasapo njinga amaidziwa kale mfundoyi m'miyendo mwake. Tiyerekeze kuti giya ya pamapedulo ili ndi mano 44 ndipo ya kumbuyo ili ndi mano 22. Mukapalasa ulendo umodzi, tcheni chimakoka mano 44, choncho tayala lakumbuyo limazungulira kawiri. Pa njinga ya magiya, mukafika pachitunda mumasunthira tcheni pa giya yaikulu yakumbuyo, ndipo miyendo imapepukidwa koma njinga imayenda pang'onopang'ono. Wa kabaza amene njinga yake ili ndi giya imodzi yokha alibe mwayi umenewu, nchifukwa chake amaimirira pamapedulo kapena kutsika n'kumakankha pamene chitunda chakula. Kaloboti kali ngati wa kabazayo. Giya imene mwakapatsa pomanga ndi imene kadzagwiritse ntchito pachigwa ndi pachitunda pomwe, choncho iyenera kusankhidwa moganizira malo ovuta kwambiri amene kadzadutse.

Magiya a LEGO Technic ndi abwino pophunzirira chifukwa mano ake ndi osavuta kuwerenga, ndipo odziwika kwambiri ndi a mano 8, 16, 24 ndi 40. Giya ya mano 8 ikakhala pa mota n'kumakankha ya mano 24 imene ili pa ekiselo ya tayala, 24 kugawa ndi 8 ndi 3, ndipo timalemba kuti 3:1. Mota imazungulira katatu kuti tayala lizungulire kamodzi, liwiro limatsika kufika pa gawo limodzi la magawo atatu, ndipo mphamvu yopotoza pa tayala imakwera pafupifupi katatu. Mukawasinthanitsa malo, ya mano 24 n'kukhala pa mota, tayala limazungulira katatu pa ulendo umodzi wa mota, koma mphamvu yake imatsala gawo limodzi la magawo atatu. Ya mano 8 ikamakankha ya mano 40 mulingo ndi 5:1, ndipo magiya awiri a mano ofanana, monga 16 ndi 16, sasintha liwiro ngakhale pang'ono, amangotembenuza mbali yozungulirira.

Chenjerani ndi kalembedwe ka manambalawa. Ogulitsa ena amalemba 48:1 pamene ena amalemba 1:48 ponena za kamota komweko kachikasu kaja. Musadalire dongosolo la manambala lokha, koma dzifunseni nthawi zonse kuti chikuzungulira mofulumira ndi chiti pakati pa mota ndi tayala.

Pali cholakwa chimodzi chimene ophunzira ambiri amachita, chimene ndi kuganiza kuti kundandalika magiya ambiri pamzere kumawonjezera kuchepetsa kwa liwiro. Mukaika giya ya mano 8, kenako ya 16, kenako ya 24, iliyonse pa ekiselo yake, mulingo umakhalabe 3:1, chifukwa giya yapakatiyo imangolandira dzino limodzi n'kupereka dzino limodzi. Ntchito yake ndi iwiri yokha: kufikitsa mphamvu patali pang'ono, ndi kuchititsa kuti giya yomaliza izungulire mbali imodzi ndi yoyamba. Kuti kuchepetsako kuchulukane, magiya awiri ayenera kukhala pa ekiselo imodzi. Giya ya mano 8 ikankhe ya 24, pa ekiselo ya giya ya 24 imeneyo muikeponso ina ya mano 8, ndipo imeneyi ikankhe ya mano 40. Apa milingo iwiriyo imachulukitsidwa, 3 kuchulukitsa ndi 5, ndipo mumapeza 15:1. Umu ndi mmene kabokosi kakang'ono ngati ka kamota kachikasu kamafikira pa 48 popanda giya yaikulu ngati mbale.

Giya ina yofunika kuitchula ndi ija yokhala ndi mazinga ngati a bawuti, imene amaitcha worm gear. Ikazungulira kamodzi imasuntha dzino limodzi lokha la giya inzake, choncho ikakumana ndi giya ya mano 24 imapereka 24:1 pa sitepe imodzi. Kawirikawiri siilola kuzungulitsidwa kuchokera mbali ya katundu, chimene chimaiyenereza pa mkono wonyamula zinthu umene suyenera kugwa magetsi akazima. Pa matayala sindiikonda, chifukwa imataya gawo lalikulu la mphamvu pokhulana, ndipo kaloboti sikatheka kukankhidwa ndi dzanja popanda kuwononga mano.

Kuchokera pa rpm kufika pa liwiro la pansi

Kudziwa maulendo amene tayala likuzungulira sikunakuuzenibe liwiro la kaloboti, chifukwa kukula kwa tayala nakonso kumawerengedwa. Tayala likazungulira kamodzi osaterereka, limayenda mtunda wofanana ndi kuzungulira kwa mkombero wake, umene mumaupeza pochulukitsa m'mimba mwa tayala ndi 3.14. Mukachulukitsa mtunda umenewu ndi rpm ya tayala mumapeza mtunda wa pa mphindi imodzi, ndipo mukagawa ndi 60 mumapeza mtunda wa pa sekondi imodzi.

Tayala limene limabwera ndi kamota kachikasu ndi la mamilimita 65 m'mimba mwake, choncho ulendo umodzi ndi masentimita 20.4. Maulendo 200 akupereka masentimita 4,080 pa mphindi, amene ndi masentimita 68 pa sekondi, kapena pafupifupi makilomita 2.4 pa ola. Poyerekeza ndi munthu woyenda pansi liwiro limeneli ndi lochepa, koma kwa kamakina kotalika ngati chikhatho n'lokwanira kukawombetsa kukhoma musanakagwire.

Pa LEGO Mindstorms EV3, mota yaikulu imazungulira maulendo pakati pa 160 ndi 170 pa mphindi, ndipo tayala lodziwika la m'bokosi la masukulu ndi la mamilimita 56, limene limayenda masentimita 17.6 pa ulendo umodzi. Tayala litalumikizidwa mwachindunji pa mota, 160 kuchulukitsa ndi 17.6 kugawa ndi 60 kukupereka pafupifupi masentimita 47 pa sekondi. Mukaika giya ya mano 8 pa mota ndi ya 24 pa tayala, liwiro limatsika kufika pa masentimita 16, ndipo ndi giya ya mano 40 limafika pa masentimita 9. Mukatembenuza, ya 24 n'kumakankha ya 8, pepala limanena masentimita 141 pa sekondi. Nambala yomalizayi ndi imene imanyenga anthu, chifukwa kaloboti kenikeni sikafikapo. Manambala onse a rpm amene opanga amalemba amayezedwa mota ilibe katundu, ndipo pamene mwachepetsa mphamvu ya pa tayala katatu, katundu yemweyo amalemera katatu kwa mota, choncho mota imatsika liwiro kwambiri kuposa poyamba.

Izi zikusonyezanso kuti tayala lenilenilo ndi giya yomaliza. Tayala lokula kawiri limawirikiza liwiro ndipo limadula pakati mphamvu yokankhira pansi, mofanana ndendende ndi kusintha magiya. Ngati mota yanu ili ndi kabokosi ka magiya kotseka kamene simungakasinthe, kusintha kukula kwa matayala ndiyo njira yotsika mtengo yokonzera liwiro.

Mtengo wa liwiro

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa ndi pamene mamota ambiri amapserera. Mota ya batire ili ndi malire awiri. Ikakhala yopanda katundu imazungulira pa liwiro lake lapamwamba ndipo imakoka magetsi ochepa. Ikapanikizidwa mpaka kuima, imatulutsa mphamvu yake yopotoza yapamwamba, imene papepala la wopanga imalembedwa kuti stall torque, koma nthawi yomweyo imakoka magetsi ochuluka kwambiri amene onse amasanduka kutentha m'mawaya ake a m'kati. Pakati pa malire awiriwa liwiro limatsika mwandondomeko pamene katundu akukula. Katundu akafika theka la stall torque, mota imazungulira pafupifupi theka la liwiro lake lopanda katundu, ndipo pamenepo ndi pamene imagwira ntchito yochuluka kwambiri pa sekondi iliyonse, ngakhale kuti imatentha msanga. Kuti mota ikhalitse, langizo limene opanga ena monga Pololu amapereka ndi lakuti pa ntchito yopitirira isamakoke magetsi oposa gawo limodzi la magawo anayi a amene imakoka itaima. Mwachidule, katundu wa tsiku ndi tsiku asapitirire pafupifupi kota ya stall torque.

Tiyeni tiyese mfundoyi ndi manambala. Tiyerekeze kuti kaloboti kanu kakulemera magalamu 800, kali ndi mamota achikasu awiri, ndipo kayenera kukwera thabwa lopendekeka limene limakwera sentimita imodzi pa masentimita anayi alionse. Pa chitunda chotere mphamvu yokokera kalobotiko kumbuyo ndi pafupifupi kota ya kulemera kwake, ndiye kuti yofanana ndi magalamu 200, ndipo tayala lililonse liyenera kukankha magalamu 100. Mphamvu yopotoza imene ikufunika pa shafuti mumaipeza pochulukitsa mphamvu yokankhayo ndi theka la m'mimba mwa tayala, limene ndi masentimita 3.25. Yankho ndi pafupifupi 0.33 kg.cm, ndiye kuti makilogalamu 0.1 kuchulukitsa ndi masentimita 3.25. Kamota kachikasu ka 1:48 kawirikawiri amakalembera stall torque ya pafupifupi 0.8 kg.cm pa mavolti 6, choncho chitundachi chikutenga magawo anayi a magawo khumi a mphamvu yake yonse, tisanawerengere kukhulana kwa matayala ndi ma ekiselo. Kalobotiko kadzakwera, koma mozengereza, ndipo ngati ntchito yake ndi kukwera ndi kutsika thabwalo kwa nthawi yaitali, mamota adzatentha.

Njira zokonzera zilipo zitatu, ndipo si zonse zofanana mtengo. Mungachepetse kulemera, makamaka pochotsa mabatire osafunika kapena thabwa lolemera la pansi. Mungaike matayala ang'onoang'ono. Kapena mungagule mota ya maonekedwe omwewo koma ya mulingo wokulirapo, monga ija yabuluu ya magiya achitsulo ya 1:90, imene imazungulira pafupifupi theka la liwiro la yachikasu koma ndi mphamvu yoyandikira kuwirikiza kawiri. Pa ine ndekha, ndimayamba ndi kuchepetsa kulemera, chifukwa ndi njira yokhayo imene simulipira nayo liwiro.

Dziwaninso kuti kuchulukitsa kwa mphamvu sikukhala kokwanira ndendende monga masamu akunenera. Paliponse pamene mano akumana pamatayika kachigawo ka mphamvu chifukwa cha kukhulana, ndipo masitepe akachuluka kutayikako kumachulukanso. Ndi chifukwa chake si nzeru kuchepetsa liwiro ndi magiya ena kenako n'kulikwezanso ndi ena, monga amachitira ena amene amaika magiya okweza liwiro pamwamba pa mota imene ili kale ndi kabokosi kochepetsa. Nthawi zina palibe kuchitira mwina, monga pa LEGO pamene mota ndi yotseka, koma ngati mukugula mota, gulani ya mulingo umene mukufunawo.

Malire ena ali pansi penipenipo. Mphamvu yonse imene magiya angapereke imathera pamene tayala layamba kuterereka. Pa simenti yopakidwa polishi kapena pa matailosi a fumbi, kaloboti kopepuka kamayamba kupalasa pamalo amodzi mphamvu ya mota isanathe, ndipo kuwonjezera mulingo wa magiya pamenepo kumangochepetsa liwiro popanda phindu lililonse. Chofunika pamenepo ndi matayala a labala yofewa, oyera, ndi kusunthira mabatire pamwamba pa matayala oyendetsa kuti kulemera kuwapanikize pansi. Kuterereka kulinso ndi ubwino wake, chifukwa kaloboti kakatsamira khoma matayala n'kumaterereka, mota imapitiriza kuzungulira ndipo siipsa, pamene kaloboti ka matayala ogwira kwambiri ndi magiya a liwiro kamaimitsa mota kotheratu.

Kuwerengera chobwerera

Tsopano tingathe kusankha. Yambani ndi kulemba liwiro limene ntchito ikufuna. Kaloboti kotsata mzere wakuda pa pepala loyera, kokhala ndi masensa awiri kapena atatu okha, amene ndi timaso tamagetsi tozindikira mzerewo, kamayenda bwino pa liwiro lochepa, chifukwa kakathamanga kamadutsa pokhota sensa isanauze mota kuti itembenuke. Kaloboti kokankhana ndi kanzake m'bwalo kamafuna mphamvu koposa liwiro. Ngakhale pa mpikisano wothamanga, ngati mtunda ndi waufupi, kaloboti ka mulingo wokulirapo kangathe kufika patsogolo chifukwa kamanyamuka msanga pamene kanzake kakulimbana ndi kupeza liwiro.

Tiyerekeze kuti mwasankha masentimita 50 pa sekondi, ndipo muli ndi matayala a mamilimita 32, amene amayenda pafupifupi masentimita 10 pa ulendo umodzi. Tayala liyenera kuzungulira kasanu pa sekondi, ndiye kuti maulendo 300 pa mphindi. Timamota ting'onoting'ono ta magiya achitsulo totchedwa N20 timagulitsidwa m'milingo yambiri, monga 30:1, 50:1, 75:1, 100:1 mpaka 1000:1, ndipo mtundu wake wamphamvu wa mavolti 6 umazungulira m'katimo pafupifupi maulendo 30,000 pa mphindi. Mukagawa 30,000 ndi 300 mumapeza 100, ndipo munthu angafulumire kugula ya 100:1. Koma maulendo 300 amenewo ndi a mota yopanda katundu, choncho pansi kaloboti kadzayenda mochepera pa chimene mumafuna. Ndi bwino kutenga ya 75:1, imene yopanda katundu imafika pafupifupi maulendo 400, kuti itanyamula katundu itsikire pafupi ndi 300, ndipo chotsalacho muchichepetse ndi pulogalamu, ndiye kuti malangizo amene mumalembera kabolodi kolamulira kaloboti. Mukatero bwererani ku masamu a mphamvu aja kuti muone ngati katundu wanu sakupitirira kota ya stall torque ya mota imeneyo. Ngati akupitirira, ndiye kuti mota yomwe mwasankhayo ndi yaing'ono pa ntchitoyi, ndipo palibe mulingo wa magiya umene ungakupatseni liwiro ndi mphamvu zonse ziwiri. Muyenera kuvomereza liwiro lochepa kapena kugula mota yokulirapo. Onetsetsani kuti mwawerenga pepala la mota imene mukugulayo, chifukwa dzina lakuti N20 limanena za kukula kwa thupi lake, ndipo mamota a dzina limeneli amasiyana liwiro ndi mavolti.

Wina angafunse kuti bwanji osangogula mota yothamanga kwambiri n'kumaichepetsa ndi pulogalamu. Pa Arduino Uno liwiro limalamulidwa ndi njira yotchedwa PWM, imene imayatsa ndi kuzimitsa magetsi mofulumira, ndipo mumalemba nambala yochokera pa 0 kufika pa 255. Njira imeneyi imachepetsadi liwiro, koma siwonjezera mphamvu yopotoza monga magiya amachitira, ndipo kwenikweni imachepetsa mphamvu imene mota ingatulutse. Nchifukwa chake kaloboti koyendetsedwa ndi nambala yotsika kwambiri kamangolira osanyamuka, kenako n'kudumpha mwadzidzidzi mukakweza nambalayo pang'ono. Mukaona kuti nthawi zonse mukugwiritsa ntchito nambala yochepera theka la 255 kuti kaloboti kasathawe mzere, chimenecho ndi chizindikiro chakuti mulingo wa magiya anu ndi wochepa, ndipo kalobotiko kangalamulike bwino ndi mota ya mulingo wokulirapo yoyendetsedwa ndi nambala yokwera.

Kuyeza pansi

Masamu amakufikitsani pafupi, koma chigamulo chimachokera pa kuyeza. Yezani mamita awiri pansi pamene kaloboti kadzagwire ntchito, ikani zizindikiro ziwiri za tepi, ndipo kayambitseni kumbuyo pang'ono kwa chizindikiro choyamba kuti kadutse kali kale pa liwiro lake. Werengani masekondi ndi wotchi ya pa foni, bwerezani katatu, ndipo mugawe masentimita 200 ndi nthawi yapakatikati. Kenako nyamulani kalobotiko m'mwamba, matani kachidutswa ka tepi yoyera pa tayala, ndipo mujambule vidiyo ya masekondi khumi kuti muwerenge maulendo poionera pang'onopang'ono. Mukayerekeza liwiro la m'mwamba ndi la pansi mumadziwa kulemedwa kwa mota. Ngati la pansi lili pafupifupi magawo atatu a magawo anayi a la m'mwamba kapena kuposerapo, zinthu zili bwino. Ngati latsika kufika pa theka, mota ikulemedwa ndipo mukufunika mulingo wokulirapo. Ikatha mphindi zingapo ikuyenda, igwireni ndi chala: kufunda pang'ono si vuto, koma ngati simungathe kusiyapo chala, imitsani.

Musanaimbe mlandu magiya, yezani magetsi amene akufika pa mota penipenipo, chifukwa liwiro la mota limatsata mavolti. Kabolodi kotchuka koyendetsera mamota ka L298N kamadya pafupifupi mavolti awiri m'kati mwake, choncho mabatire anayi a AA amene akupereka mavolti 6 amafikitsa pafupifupi mavolti 4 okha pa mota. Ngati mabatirewo ndi otchajanso a NiMH, amene lililonse limapereka mavolti 1.2, mumayambira pa 4.8 ndipo chotsala n'chochepa kwambiri. Tiloboti tambiri timene eni ake amati tili ndi magiya olakwika timakhala kuti tangosowa magetsi. Kuyeza konse kuchitike ndi mabatire odzaza, ndipo kenako kubwerezedwe atagwira ntchito kwakanthawi, kuti mudziwe mmene kalobotiko kadzayendere kumapeto kwa mpikisano kapena kwa phunziro.

Mudzaonanso kuti mamota awiri a mtundu umodzi sazungulira mofanana ndendende, ndipo kaloboti kamapendekera mbali imodzi. Vuto limeneli limakula pamene magiya ndi okweza liwiro, chifukwa kusiyana kochepa kwa kukhulana pakati pa mbali ziwirizo kumakhala kwakukulu poyerekeza ndi mphamvu yochepa imene yatsala pa tayala. Mungalichepetse potsitsa pang'ono nambala ya PWM ya mbali yothamanga, koma njira yodalirika ndi kugwiritsa ntchito masensa owerenga kuzungulira kwa shafuti, otchedwa encoder. Mamota a EV3 ali nawo kale m'kati, ndipo amawerenga madigiri. Kumbukirani kuti sensayo imawerenga kuzungulira kwa mota, osati kwa tayala. Ngati mwaika magiya a 3:1, mota iyenera kuzungulira madigiri 1,080 kuti tayala lizungulire kamodzi n'kuyenda masentimita 17.6, ndipo pulogalamu imene inalembedwa magiya asanaikidwe idzayendetsa kalobotiko gawo limodzi lokha la magawo atatu a mtunda umene munkayembekezera.

Kumanga kuti mano agwirane

Mulingo wabwino ungawonongeke ndi kamangidwe kosalimba. Magiya awiri ayenera kukhala a kukula kofanana kwa mano, ndipo mtunda wa pakati pa ma ekiselo awo uyenera kukhala wolondola. Pa LEGO mabowo a pa mtanda amatalikirana mamilimita 8, ndipo mukaphatikiza mano a magiya awiri n'kugawa ndi 16 mumapeza kutalikirana kwa mabowo kumene akufuna: ya 8 ndi ya 24 zimatalikirana mabowo awiri, ya 8 ndi ya 40 mabowo atatu, ya 24 ndi ya 40 mabowo anayi. Ekiselo iliyonse igwiridwe mbali zonse ziwiri za giya, chifukwa ikagwiridwa mbali imodzi yokha imapindika katundu akakula, mano n'kuyamba kulumphana ndi phokoso lothetheka. Giya yaing'ono ya mano 8 ndi imene imayamba kuwonongeka, choncho musaiike pa sitepe yomaliza ya kaloboti kolemera ngati pali njira ina.

Ngati mukugwiritsa ntchito magiya ochotsedwa mu pulinta yakufa kapena m'zidole zakale, ndipo mabowo mukuboola nokha pa thabwa kapena pa pulasitiki, musapanikize mano kwambiri. Ikani kachidutswa ka pepala wamba pakati pa mano awiriwo pomanga, kenako mukachotse, kuti patsale kampata kakang'ono. Mpata ukasowa, magiya amalimba ndipo amadya mphamvu ya mota. Ukakula, tayala limagwedera musanayatse mota, ndipo kaloboti kamachedwa kuyankha pamene kakusintha kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo, zimene zimasokoneza kwambiri kutsata mzere. Mukamaliza, chotsani mota kapena zimitsani magetsi n'kuzungulitsa tayala ndi dzanja pang'onopang'ono ulendo wathunthu. Liyenera kuyenda mosalala popanda malo amene likulimba. Pa magiya apulasitiki pakani girizi ya silikoni pang'ono chabe, chifukwa mafuta a galimoto amawononga mitundu ina ya pulasitiki, ndipo muwaphimbe ndi kachivindikiro kuti fumbi ndi tsitsi zisakulungike pa ekiselo.